Kugwa kwa munthu amene anadwala sitiroko akabwerera kunyumba

Munthu amene anadwala sitiroko akatulutsidwa m'chipatala, mitima ya abale ake imakhala pansi, chifukwa amaona kuti choopsa chachikulu chadutsa. Amabwera naye kumudzi, amamuyalira mphasa pamalo abwino, ndipo kwa masiku angapo pakhomo sipatha anthu odzazonda. Koma miyezi yoyambirira yokhala kunyumba ili ndi ngozi yakeyake imene kawirikawiri sitchulidwa pa tsiku lotuluka, pamene aliyense amakhala akuganizira za mankhwala ndi za ndalama yoyendera. Ngoziyo ndi kugwa. Ambiri timakuona ngati tsoka wamba kapena ngati kusasamala kwa wodwala, pamene zoona zake n'zakuti kugwa ndi mbali ya matendawo, kuli ndi zifukwa zodziwika, ndipo kumachitikira m'malo ochepa amene tingathe kuwaloza ndi chala, makamaka pakati pa pogona ndi pakhomo, ndiponso pakati pa khomo ndi chimbudzi.

Kukula kwa vutoli kunaonekera bwino pa kafukufuku amene anachitika mumzinda wa Bradford ku England, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1995. Ofufuzawo anatsatira anthu 108 achikulire amene anadwala sitiroko n'kubwerera kwawo, ndipo anapeza kuti 79 mwa iwo anagwa m'miyezi 6 yoyambirira, ena kangapo konse. Amenewo ndi anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse, m'dziko limene nyumba zambiri zili ndi magetsi, mabedi ndi zimbudzi zokhalira zamkati. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 pa 100 alionse mwa iwo ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Matenda a sitirokowa ena timawatcha kufa ziwalo, ena amati trombose potengera Chipwitikizi, ndipo pa khadi la kuchipatala pamalembedwa zilembo zitatu zokha, AVC. Chimene chimachitika n'chakuti mtsempha wopititsa magazi ku ubongo umatsekeka kapena kuphulika, ndipo kachigawo ka ubongo kamene kamadalira mtsemphawo kamafa. Popeza mbali yamanja ya ubongo imalamulira mbali yamanzere ya thupi, ndipo yamanzere imalamulira yamanja, munthu amafooka mbali imodzi ngakhale kuti mwendo ndi mkono weniweniwo sizinavulale. Gwero lake lalikulu ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza vutoli mwa munthu mmodzi pa akuluakulu atatu alionse, ndipo wina wochitika patapita zaka pafupifupi 10 anapeza kuti chiwerengerocho chakwera kufika pafupifupi 39 pa 100, pamene odziwa kuti magazi awo amathamanga anali osafika 15 pa odwala 100 alionse. Choncho m'midzi ya Angonia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize muli anthu ambiri amene anapulumuka ku sitiroko, ndipo ena mwa iwo sanakalambe n'komwe, ndi abambo ndi amayi amene dzulo lomweli ankalima ndi kudyetsa mabanja awo.

Kuti timvetse chifukwa chake amagwa, tiyambe taona kuti kuimirira si chinthu chapafupi monga mmene kumaonekera. Munthu woimirira sakhala njo ngati mtengo wozika. Thupi lake limapendekeka pang'onopang'ono nthawi zonse, ndipo ubongo umaliwongola mwini wake osadziwa n'komwe. Kuti uchite zimenezi umadalira mauthenga ochokera kutatu: maso amauuza kumene kuli nthaka ndi makoma, kachiwalo ka mkati mwa khutu kamauuza ngati mutu wapendekeka kapena watembenuka, ndipo mapazi, akakolo ndi mawondo amauuza mmene thupi lapondera. Ubongo umaphatikiza mauthengawa n'kulamula minofu kuti ichitepo kanthu m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi. N'chifukwa chake mayi wosenza ndowa ya madzi akapunthwa pamwala saganiza kaye, phazi linalo limangopezeka laponda kale kutsogolo. Sitiroko imatha kuwononga paliponse pa ulendo wa mauthengawa, moti uthenga umafika wosakwanira, kapena umamasuliridwa molakwika, kapena lamulo limafika ku minofu mochedwa, ndipo kuchedwa pang'ono chabe kumakwanira kugwetsa munthu.

Chimene aliyense amaona ndi kufooka kwa mwendo, koma kufookako kuli mitundumitundu. Minofu imene imatukula phazi ikafooka, zala zimalendewera n'kumakwekwereza pansi, moti kamuzu, m'mphepete mwa mphasa kapena chiundo cha pakhomo chimakhala chopunthwitsa. Kwa ena bondo limapindika mwadzidzidzi akangoikapo thupi lonse. Kwa enanso minofu imauma, mwendo umawongoka gwa osapindika, ndipo munthu amayenda mouzunguza kumbali, zimene zimavuta kwambiri potembenuka ndi polowa pamalo opanikiza. Zonsezi zimakula munthu akatopa, ndipo wodwala sitiroko amatopa msanga, kotero kuti amene wayenda bwino m'mawa akhoza kukhala munthu wina madzulo.

Munthu wotere nthawi zambiri amagwera kumbali yofookayo, ndipo apa ndi pamene pali vuto lalikulu. Munthu wabwinobwino akamagwa amatambasula mkono n'kudzitchinjiriza, koma mkono wa mbali yofooka suyankha, choncho chiuno, phewa ndi mutu ndi zimene zimafika pansi. Kuwonjezera apo, mafupa amakhala olimba chifukwa chosenza thupi, ndipo mwendo umene sukuponda mokwanira umayamba kutaya kulimba kwa mafupa ake m'miyezi yoyambirira yomweyo. N'chifukwa chake kuthyoka kwa fupa la ntchafu, pamene limalumikizana ndi chiuno, kumachitika kwambiri mwa anthu amenewa kuposa anzawo a msinkhu womwewo, ndipo nthawi zambiri kumachitika kumbali yofookayo. Kwa munthu wa ku Domwe kapena ku Furancungo, kuthyoka kotere kumafuna ulendo wautali wokafuna opaleshoni, ndipo amene sanachitidwe opaleshoni amagona miyezi, zimene zimabweretsa zilonda za m'matako ndi m'zidendene, chibayo, ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Anthu ena amene sitiroko inawasiya ndi moyo amaphedwa ndi zotsatira za kugwa kumodzi kokha.

Palinso zowonongeka zina zosaoneka ndi maso, ndipo m'kuona kwanga zimenezi ndi zimene zimadzetsa kusamvana m'mabanja. Ena phazi limachita dzanzi, moti sadziwa pamene laponda pokhapokha ataliyang'ana. Munthu wotere masana amayenda bwino ndithu chifukwa maso amagwira ntchito ya phazi, koma kukangoda amakhala ngati akuponda m'malere. Ena amataya theka la zimene amaona, osati diso limodzi ayi, koma mbali imodzi ya maso onse awiri, kotero kuti mtondo kapena mbuzi yogona kumbali imeneyo sakuiona mpaka atagundana nayo. Ena, makamaka amene anavulala mbali yamanja ya ubongo, ubongo wawo umanyalanyaza chilichonse cha kumanzere: amadya za mbali imodzi ya mbale, amameta ndevu tsaya limodzi, amagunda felemu ya chitseko ndi phewa lamanzere tsiku lililonse. Ena mwa iwo sazindikira n'komwe kuti mwendo wawo ndi wofooka, ndipo amadzuka mwaphuma monga ankachitira kale. Ana amadandaula kuti, "Abambo samva, tawauza kambirimbiri kuti aziitana akafuna kudzuka," koma limenelo si liuma. Ndi chilonda cha mu ubongo, ndipo kukalipa sikuchipoletsa. Munthu wotere akagwa kachiwiri kapena kachitatu pabwalo losesedwa bwino, popanda chomupunthwitsa chooneka, m'pamene anthu amayamba kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu, pamene chifukwa chake chingathe kupezeka ndi namwino kapena dokotala amene angayeze maso ndi mapazi a wodwalayo.

Chinthu china chimene chimatikhudza kwambiri ife ndi moni. Munthu wathanzi amayenda uku akucheza, chifukwa kuyenda sikumulanda maganizo. Kwa wodwala sitiroko kuyenda kumasanduka ntchito yofuna maganizo onse, ndipo akagawa maganizowo pawiri, mapazi ndi amene amaluza. Mu 1997 ofufuza a mumzinda wa Umeå ku Sweden anasonyeza kuti okalamba amene amaima akangoyamba kulankhulitsidwa ali pa ngozi yaikulu yogwa m'miyezi yotsatira. Kwathu kuno munthu sadutsa pakhomo osapereka moni, ndipo wamkulu sangasiye moni osauyankha, choncho wodwala amene akuyenda movutikira kuchoka pakhonde amamva kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?" kuchokera kumbuyo, natembenuza mutu mwendo uli m'mwamba. Sindikunena kuti tileke kulonjerana. Ndikunena kuti wopereka moni adikire mpaka wodwala atakhala pansi kapena atagwira pogwira, ndipo wodwalayo aphunzire kuima kaye, kuponda bwino, kenako n'kuyankha.

Mankhwala nawo ali ndi mbali yake, ngakhale kuti nkhani imeneyi iyenera kufotokozedwa mosamala kuti wina asaimve molakwika. Mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi ndi amene amateteza munthu ku sitiroko yachiwiri, ndipo sayenera kusiyidwa popanda uphungu wa kuchipatala. Komabe kwa anthu ena amachititsa kuti magazi atsike mwadzidzidzi munthu akaimirira kuchokera pogona, moti m'maso mumada, chizungulire chimabwera, ndipo miyendo imalefuka. Zimenezi zimakula thupi likachepa madzi, monga zimachitikira mumzinda wa Tete ndi m'madera a m'mphepete mwa Zambezi mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Mankhwala okodzetsa monga hidroclorotiazida akamwedwa madzulo amadzutsa munthu usiku, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Mankhwala ogonetsa monga diazepam amasiya munthu akudzandira ngakhale kutacha. Odwala shuga amene amamwa glibenclamida akhoza kutsikidwa shuga akamwa mankhwala osadya mokwanira, zimene zimachitika mosavuta mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka. Za kachasu sindichulutsa mawu, chifukwa ubongo umene ukuvutika kale kuwongola thupi sungapirire ngakhale pang'ono pokha. Wodwala amene amamva chizungulire podzuka ayenera kukhala kaye tsonga kwa mphindi imodzi kapena ziwiri akugwedeza mapazi, kuimirira atagwira chinthu cholimba, kudikira pang'ono, kenako n'kuyamba kuyenda, ndipo pa tsiku lopita kuchipatala akapemphe kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi ali chogona ndiponso ali chiimire.

Tsopano tibwere ku nyumba yeniyeniyo. Moyo wa m'midzi yathu umachitikira pansi: timagona pamphasa, timadyera pamphasa, amayi amaphika ndi kuchapa atawerama kapena atakhala pakampando kakafupi. Koma kudzuka kuchokera pansi ndi ntchito yovuta kwambiri kwa munthu amene ali ndi mwendo umodzi ndi mkono umodzi wodalirika, ndipo kugwa kwambiri kumachitika pa nthawi yosintha kakhalidwe, podzuka, pokhala pansi ndi potembenuka, osati pa ulendo wautali. Bedi kapena thandala lolimba lotalika kufika m'mawondo, lakuti munthu akakhalapo mapazi onse awiri aziponda pansi mokwanira, limachepetsa vutoli kwambiri, ndipo mmisiri wa matabwa wa m'mudzi angathe kulipanga. Chimodzimodzinso mpando wolimba wokhala ndi mogwira m'mbali uposa kutali kampando kakafupi kapena mpando wapulasitiki umene miyendo yake imatha kutanyuka. Neti yoteteza udzudzu ndi yofunika ndipo isachotsedwe, koma imangidwe mwakuti wodwala azitha kuitukula ndi dzanja lamphamvulo osakodwa nayo phazi.

Malo amene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi chimbudzi, chifukwa pamenepo zonse zimene tatchulazi zimakumana. Chimbudzi chokumba chimakhala kutali ndi nyumba mwadala, njira yake siikhala yosalala, ndipo khomo lake limakhala lopanikiza. Munthu akalowa ayenera kutembenuka pamalo aang'ono, kumasula zovala ndi dzanja limodzi, lomwe ndi dzanja lomwelo limene lagwira ndodo, kenako kunjuta pa miyendo imene umodzi wake sungamusenze, ndipo pomaliza kudzuka popanda pogwira, kupatula khoma la udzu kapena la zidina limene silingapirire thupi la munthu wamkulu. Sitiroko imasokonezanso chikhodzodzo mwa anthu ambiri, moti mkodzo umabwera mofulumira osapereka mpata, ndipo munthu wamkulu amene akuopa kudzinyowetsa pamaso pa adzukulu amathamangira, usiku, mumdima, atangodzuka kumene magazi asanakhazikike. Ena pofuna kupewa ulendowu amaleka kumwa madzi, zimene zimangowonjezera chizungulire ndi kudzimbidwa.

Pamwamba pa zonsezi pali manyazi ndi mwambo. Bambo wamkulu sangalole kuti mwana wake wamkazi kapena mtengwa amuperekeze kuchimbudzi, ndipo mayi sangaitane mkamwini wake pakati pa usiku. Choncho ngakhale pakhomo patakhala anthu khumi, wodwala amadzuka mwakachetechete n'kupita yekha. Banja limene lakhala pansi n'kugwirizana poyera kuti usiku wodwala azigona pafupi ndi ndani, ndipo aziitana ndani popanda kuchita manyazi, lachita chinthu chachikulu. Zotsalazo ndi za manja. Mpando wamatabwa wolimba wobooledwa pakati n'kuikidwa pamwamba pa dzenje umachotsa kufunika kwa kunjuta. Mitengo iwiri ya bulugamu yokwiriridwa mozama mkati mwa chimbudzi, kumanja ndi kumanzere, imapereka pogwira. Mtengo wogwirira wotsata njira kuchokera pakhonde umathandiza, koma njirayo ilambulidwe mbali zonse ziwiri za mtengowo, chifukwa dzanja lamphamvu limene linali kumbali ya mtengo popita limakhala kumbali ina pobwerera. Usiku ndi bwino kusapita kunja n'komwe, ndipo chidebe chokhala ndi chivundikiro pansi pa mpando wobooledwa pafupi ndi bedi, kapena chigubu chodula kwa abambo, si chinthu chonyozetsa munthu. Nyali ya sola yosiyidwa yoyaka kapena tochi yovala pamutu iposa tochi ya m'manja, popeza dzanja lilipo limodzi lokha ndipo lili ndi ntchito kale.

Kubafa nako miyala imamera ndere ndipo sopo amaiwonjezera kuterera, choncho wodwala azisamba atakhala pampando, madzi atamuikira kale pafupi. Kukhitchini ngozi ndi yowirikiza, chifukwa wogwera pamafuwa kapena pambaula amapsa, ndipo mbali yadzanziyo imachedwa kumva moto. Kumapiri a Angonia ndi Tsangano mvula ikagwa kuyambira mu Disembala mpaka Malichi, dothi limaterera ngati therere, ndipo mizere ya m'munda ndi tinjira ta kudimba si malo oyesererapo mwendo umene ukuphunzira kumene. Mapatapata amavuka phazi lofooka mwini wake osamva, choncho nsapato yogwira chidendene ndi yabwino, ndipo chitenje chofika m'zala kapena thalauza limene lakhwefuka chifukwa cha kuonda liyenera kukwezedwa ndi kumangidwa bwino.

Wina akawerenga zonsezi akhoza kuganiza kuti njira yabwino ndi yoletsa wodwala kuyenda, ndipo zimenezi ndi zimene mabanja ambiri amachita, makamaka akagwa koyamba. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi. "Agogo, khalani pansi, tikubweretserani," amatero adzukulu, ndipo madzi, chakudya ndi chilichonse chimabwera pamphasa. Nayenso wodwala amakhala atagwidwa mantha, moti amavomera mosavuta. Koma minofu ya munthu wongokhala imafota m'masabata ochepa chabe, mfundo zimauma, mafupa amapitiriza kufewa, thupi limaiwala kusintha kuthamanga kwa magazi poimirira, ndipo mtima umalowa chisoni chimene chimachotsa ngakhale chilakolako choyesera. Tsiku lina onse akapita kumunda kapena kumaliro, munthu uja amakakamizika kudzuka yekha, ali wofooka kuposa tsiku limene anatuluka m'chipatala, ndipo amagwa moipa kuposa poyamba. Kugwa kumabala mantha, mantha amabala kukhala pansi, kukhala pansi kumabala kufooka, ndipo kufooka kumabala kugwa kwina. Ine ndimakhulupirira kuti pa zonse zimene zimagwetsa anthu amenewa, mkombero umenewu ndi umene umawononga ambiri, chifukwa umalowa m'nyumba utavala nkhope ya chisamaliro ndipo palibe amene amaukayikira.

Ubongo umatha kuphunziranso, chifukwa zigawo zimene zinatsala zimatenga pang'onopang'ono ntchito ya zimene zinafa, koma zimatero pokhapokha ntchitoyo ikubwerezedwa kambirimbiri. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ngakhale kuti kumapitirira pang'onopang'ono pambuyo pake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti imeneyi ndi miyezi yomweyo imene ambiri amaithera pamphasa. Mafizo ofunika kwambiri safuna makina. Kudzuka pampando wolimba ndi kukhalanso pang'onopang'ono, mapazi onse awiri ataponda mofanana, kasanu kapena kakhumi, kangapo patsiku, kumalimbitsa minofu imene imagwira ntchito kuchimbudzi ndi pabedi. Kuimirira atagwira mtengo wolimba n'kumasamutsa thupi kuchoka pamwendo wamphamvu kupita pawofooka kumaphunzitsa ubongo kukhulupiriranso mwendowo. Kuyenda cham'mbali motsata mtengowo, kutembenuka ndi timasitepe tating'onoting'ono m'malo mozungulira pachidendene, ndi kuwonjezera mtunda pang'ono sabata iliyonse, zonsezi zichitike wina ali pafupi. Sizithetseratu kugwa, koma zimachepetsa, ndipo zimabwezera munthu ufulu wake. Ntchito zazing'ono monga kutonola chimanga, kusankha nyemba kapena kuyang'anira mbatata zoyanikidwa zimamupatsa chifukwa chochokera m'nyumba tsiku ndi tsiku.

Ndodo imathandiza ikagwiridwa moyenera. Imagwiridwa ndi dzanja la mbali yamphamvu, ndipo imapita kutsogolo pamodzi ndi mwendo wofooka kapena kutsogolera pang'ono. Kutalika kwake kufike pamene dzanja limalumikizana ndi mkono munthu ataimirira manja ali pansi, ndipo kunsonga kwake kuvekedwe mphira, ngakhale ya tayala lakale, kuti isaterereke pasimenti. Pokwera khonde umayamba ndi mwendo wamphamvu, potsika umayamba ndi wofooka. Woperekeza aime kumbali yofooka, chakumbuyo pang'ono, atagwira lamba kapena chitenje chomangidwa zolimba m'chiuno mwa wodwala. Chimene sichiyenera kuchitika n'komwe ndi kukoka mkono wofooka kapena kunyamulira munthu m'khwapa, chifukwa minofu imene imagwira phewa imakhala italefuka, ndipo kukoka kumagulula mfundoyo n'kusiya ululu umene umatha miyezi.

Thandizo la akatswiri lilipo koma lili patali. Mafizo, amene pakhomo pake pamalembedwa kuti Fisioterapia, amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Hospital Provincial de Tete, ndipo kuchokera ku Ulongwe kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ulendo umene banja silingauyende sabata iliyonse ndi munthu wovutika kukwera minibasi ya chapa. N'chifukwa chake ulendo uliwonse wa kuchipatala uyenera kugwiritsidwa ntchito mokwanira. Wosamalira wodwala apite nawo, apemphe kuti amusonyeze ndi manja mmene angamudzutsire ndi mafizo oyenera wodwala wakeyo, ndipo ngati phazi likukwekwereza afunse za chothandizira chapulasitiki chimene chimavalidwa m'nsapato kuti chigwire kakolo. Pali kuyeza kwina kosavuta kumene ogwira ntchito zaumoyo amagwiritsa ntchito: munthu amadzuka pampando, kuyenda mamita atatu, kutembenuka, kubwerera ndi kukhalanso, wina akuwerenga nthawi. Amene amatenga masekondi oposa 12 amaonedwa kuti ali pa ngozi yogwa, ndipo banja likamayeza mwezi ndi mwezi limaona lokha ngati zinthu zikusintha. M'midzi, a zaumoyo otchedwa APE ndi amene ali pafupi ndi anthu, ndipo ndi bwino kuti adziwe nyumba iliyonse imene muli wodwala wotere.

Ngakhale pakhomo posamala bwanji, tsiku lina munthu akhoza kugwa, ndipo chimene chimachitika m'mphindi zotsatira n'chofunika. Chizolowezi chathu n'chothamangira kukadzutsa, koma choyamba ndi kumusiya pomwepo, kumulankhula, ndi kuona ngati akuyankha bwino. Ngati akumva ululu waukulu m'chiuno kapena m'mphechepeche, ngati mwendo ukuoneka waufupi ndipo phazi lagonera kunja, kapena ngati sangathe kuponda, asaimiritsidwe. Anyamulidwe ali chogona pa chinthu cholimba monga chitseko, osati pa njinga yamoto. Ngati wamenyetsa mutu, ayang'aniridwe mwatcheru, makamaka ngati amamwa aspirina kapena mankhwala ena osungunula magazi, chifukwa magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro zake n'kudzaoneka patapita masiku kapena masabata: mutu wosasiya kupweteka, kusanza, kugona kwambiri, kusokonezeka maganizo, kapena kufooka kowonjezereka. Nthawi zina kugwako kumakhala chizindikiro cha chinthu china. Pakamwa pakapotoka mwatsopano, mawu akayamba kusamveka, kapena mkono ukalefuka kuposa kale, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko ina, ndipo munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ena amayamba kukomoka ngati a khunyu patapita miyezi chidwalire sitiroko, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala ake.

Ngati sanavulale, adzuke mwa dongosolo limene ndi bwino kuliyeserera pasadakhale wina ali pafupi. Amatembenukira cham'mbali, kudzikankha ndi mkono wamphamvu mpaka atakhala, kukwawa kapena kudzikhwekhwereza kufika pampando wolimba kapena pabedi, kugwada, kuika phazi lamphamvu kutsogolo, kenako kudzikweza n'kukhala. Munthu amene akudziwa kuti angathe kudzuka yekha mantha ake amachepa kwambiri. Kwa amene sangathe, ngozi ina ndi kugona pansi maola ambiri osapezeka, padzuwa la ku Moatize kapena m'chisanu cha Juni cha ku Tsangano, nthawi imene mudzi wonse uli kumunda. Foni yokolekedwa m'khosi, wezulo, kapena pangano ndi woyandikana nawo nyumba kuti azisuzumira pa nthawi zodziwika, zimafupikitsa maola amenewo.

Odwala ambiri amabisa akagwa, poopa kuvutitsa ana awo kapena poopa kuti awaletsa kuyenda, ndipo saulula pokhapokha ataona kuti kuulula sikuwabweretsera chilango chokhazikidwa pamphasa. Komatu amene wagwa kamodzi ndiye ali pa ngozi yaikulu yogwanso, ndipo ngakhale kupepesuka kumene munthu wapulumuka pogwira khoma kuli ndi zimene kukutiuza. Mwana wasukulu wa pakhomopo angathe kulemba m'kope tsiku, nthawi, malo, chimene agogo ankachita, chimene anavala kuphazi, ngati anamva chizungulire, ndiponso ngati anali atadya ndi kumwa mankhwala. Pakapita milungu ingapo kopelo limasonyeza lokha ngati vuto lili pachiundo, pa mdima, kapena pa mankhwala a madzulo, ndipo liyenera kupita nawo kuchipatala pamodzi ndi khadi ndi mapaketi onse a mankhwala amene wodwalayo akumwa, kuphatikizapo ogula kumsika ndi azitsamba.